Chule ndi Kona ya Pathanki

Chule anakana kukhota. Mayi Tsabola anapotoza mahandulo mpaka mapewa kulira, mateyala akutsogolo n'kuloza kumanja bwinobwino, koma chinthucho chinangopita chowongoka ngati chogontha, mpaka kukadziponya pa mpanda wa waya pa kona ya pathanki. Khuu! Zigubu za mkaka zinauluka, chibwano chinang'ambika pa handulo, ndipo mayiwo anatsala ali lende pampando, lamba atawafinya m'mimba, akutukwana mpanda, thanki ndi yense amene anakumba msewuwo.

Chule ameneyu si wa m'dambo ayi. Ndi njinga yamoto ya mateyala anayi, yaifupi, yotambalala, ndipo dzinalo anaipatsa ndi malemu amuna awo. Nalo dzina loti Tsabola silinali la ku ubatizo. Linachokera pa lilime la mwini wake, ndipo amene analawapo sankafunsanso kawiri. Nyumba yawo ili pamtunda, khola la ng'ombe za mkaka lili kumunsi, pakati pake pali kamsewu ka dothi kotsetsereka kamene kakafika pa thanki ya madzi kamapindika kumanja ngati chigongono. Kona imeneyo mayiwa anaikhota zaka ndi zaka, pamvula ndi padzuwa, nthawi zina akuimba, osagundapo ngakhale udzu.

Kenaka shuga anawadya mwendo wakumanzere. Madokotala anaudula m'munsi mwa bondo n'kuwapatsa woikirira, wa chitsulo ndi pulasitiki, umene iwo ankautchula kuti "mlendo". Kutsika wapansi mpaka kukhola kunathera pomwepo. Chule anasanduka miyendo yawo, ndipo popanda iye ng'ombe zawo akanamangozimva kulira ali pakhonde.

Tsiku la ngoziyo dzuwa lisanapendeke, mwana wawo anali atafika kale kuchokera kutauni, mkazi wake ali pambuyo ndi chikwama cha mankhwala. Mwanayo ndi mmodzi yekhayo, munthu wabwino, wosamwa, wosatukwana, koma ntchito yake ndi ya inshulansi, ndipo tsiku ndi tsiku amazungulira galimoto zophwanyika ndi kamera m'manja. Munthu wotere ukamupatsa mpando, iye amayamba waona momwe angagwere. Anayang'ana ulusi umene anasokera chibwano cha amayi ake, anayang'ana Chule amene anali atakokeredwa m'shedi, ndiye anazula kiyi n'kumuponya m'thumba la malaya.

"Basi amayi, zatha," anatero. "Loweruka ndibwera ndi munthu woti agule chinthuchi. Inu tipitira limodzi kutauni. Chipinda takonza kale, muli wailesi yakanema, kubafa taikako zogwirira. Ng'ombe tiona chochita."

"Ng'ombe muona chochita, ndi ine ndemwe muona chochita," anatero mayiwo. "Iwe, ndinakubereka kapena unandibereka?"

"Mukanafa lero, amayi."

"Nanga ndafa? Ukulankhula ndi mzukwa?"

"Ine ndinachita zonse kuti chinthuchi chisakugwetseni. Zonse! Ngati chakugwetsanibe, ndiye kuti vuto si njinga." Anaima pomwepo, maso n'kutsikira pa mlendo uja. Sanamalize, koma aliyense m'nyumbamo anamva.

Mawuwo anawapweteka Mayi Tsabola kuposa chibwano, chifukwa nawonso mumtima ankadzifunsa zomwezo. Chibwerereni kuchipatala, Chule anali wouma khosi. Pa kona ija ankachita kukwawa naye, kumunyengerera ngati mwana wodwala, ndipo ankangoti ndi ukalamba, ndi mwendo, ndine. Tsiku limenelo kunali kutawaza kamvula, kukhola ng'ombe ikuvutika kubereka, iwo n'kuthirako moto pang'ono chabe, ndiye izo zinachitikazo.

Kunena chilungamo, mwanayo zonse anachitadi. Amayi ake ali m'chipatala, anapita kwa amalume ake, mlongo wa mayiwo, amene amawotcherera zitsulo m'shedi ya pakhomo pomwepo, n'kuwauza kuti amange mpando weniweni pa Chule, wotsamira, wa zogwirira uku ndi uku, wokhala ndi lamba wa galimoto. Pa kaliyala yakumbuyo anaikitsapo chibokosi chachitsulo chonyamulira njinga ya olumala, ndodo, jeke ndi botolo la madzi, kuti mayi akapezeka pavuto asasowe kanthu. Zigubu zonse anati zizimangidwa pamwamba pa bokosilo. Chikondi chokhachokha, abale, cholemera ndithu.

Mwanayo anabwerera kuntchito, n'kusiya mkazi wake kuti azilondera. M'mawa mwake Mayi Tsabola anatenga ndodo zawo n'kuyamba kutsetsereka kamsewu kaja, mpongozi akuwatsata pambuyo manja ali m'malere.

"Amayi, mukupita kuti? Akamva adzandikalipira ine."

"Ndikukaona pomwe ndinafera. Ukafuna kuthandiza, khala chete."

Anafika pa kona thukuta lili kamukamu, chitsa cha mwendo chikuyaka moto. Anatsamira thanki n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali. Dothi linali lidakasunga nkhani yonse. Mateyala akumbuyo anasiya mizere iwiri yakuya, yowongoka, mano ake akuoneka limodzi ndi limodzi. Akutsogolo sanalume dothi n'komwe. Anangolipala pamwamba cham'mbali, ngati munthu wosesa ndi phazi.

Pamenepo thupi lawo linakumbuka zimene mutu unaiwala. Kale pa kona imeneyi sankakhala phee ayi. Ankasendera kutsogolo mpaka mimba kukhudza thanki ya mafuta, ankaweramira mkati mwa kona, phazi lakunja likuponda chopondera ndi mphamvu zonse, ndipo Chule ankatembenuka yekha. Tsopano anali atamangidwa pa mpando ngati katundu wopita kupositi, chimtolo cha zitsulo chili kumsana kwawo chikukokera mutu wa Chule m'mwamba.

"Asa!" anatero mokweza, mpaka mpongozi anadzidzimuka. "Ndiye ati ndine!"

M'shedi anapeza mlongo wawo akuthira tiyi m'kapu yakuda ndi girizi. Chule anali pakona, waya wa mpanda udakali wokolekera pa bampala.

"Achimwene, tanyamulani kumutuku."

Mlongoyo anaika kapu pansi, anagwira bampala ndi dzanja limodzi, ndipo mateyala akutsogolo ananyamuka ngati palibe kanthu. Anawatsitsa pang'onopang'ono n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Mwaona? Mateyala opanda kulemera angalume chiyani? Tengani galayinda mudule chimpando chanuchi. Bokosinso lichoke."

"Iii, achemwali! Mpando umenewu ndinauwotcherera ndi mtima wonse. Taonani mzerewu, ngati wosoka pa makina."

"Ndi wokongoladi. Mukaudula mukauike kuchimbudzi, tizikhalirapo tonse."

"Mwana uja andidya wamoyo."

"Iye akudyani Loweruka, ine ndikudyani panopa. Sankhani."

Mlongoyo anakula nawo nyumba imodzi, ndipo sanachedwe kusankha. Galayinda inalira, moto unathetheka, chimpando chinagwa pansi phi, ndipo pansi pake panatulukira chishalo chakale chija, chachitali, chosalala ndi kukhalidwa. Mayi Tsabola anachisisita ndi chikhatho. Kenaka anawerama n'kudinikiza teyala lakutsogolo ndi chala chachikulu. Chala chinapindika, teyala osamva. Anadinikiza lina, chimodzimodzi, gwa.

"Awa ndiye atani? Malemu ankawasiya ofewa, oti ukadinikiza amalowa."

Mlongoyo anayang'ana kudenga. Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati minga ya m'phazi. Mwana uja ataona mateyala ofewa anagwira mutu, ati amayi akhala akuyendera mateyala akuphwa zaka zonsezi popanda wowathandiza. Ndiye nthawi iliyonse akabwera ankalowa m'shedi mwakachetechete ndi pampu ya galimoto yake n'kuwapopa mpaka aume ngati a galimotoyo. Amayi sankawauza, kuti asamadere nkhawa.

"Ndipo inu mumangoonerera?"

"Ndimati mwina zinthu zinasintha. Ana a masiku ano amawerenga zambiri pa foni."

Mayi Tsabola anaseka, koma kunali kuseka kowawa. Anakhala pa chidebe, anatenga msomali n'kukankha vavu. Psiii! Mlongo wawo anafufuza m'bokosi la malemu mpaka anapeza kachoyezera mpweya kakang'ono ka mateyala a Chule, ndipo anatulutsa mpweya mpaka pa muyezo wolembedwa pa kachitsulo ka pansi pa chishalo. Akutsogolo anawasiya ofewerapo kuti atambalale pa dothi, akumbuyo olimbirapo pang'ono kuti asamakakamire pansi. Pajatu mateyala akumbuyo a Chule ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira mofanana, ndipo chimene amadziwa n'kupita kutsogolo basi. Kuti akhote, lamkati liyenera kupepukidwa n'kutererako pang'ono. Mlongoyo, poti tsopano manyazi anali atamugwira, anakoka chingwe kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, anapeza kuti mpanda unapotoza teyala limodzi, n'kuliwongola ndi sipanala. Chigubu chimodzi anachimangirira pa kaliyala yakutsogolo, china kumbuyo.

"Zonse zatheka," anatero akupukuta m'manja, "koma kiyi ali kutauni."

Mayiwo anatembenukira kwa mpongozi, amene nthawi yonseyi anali ataima pakhomo la shedi, foni ili m'manja.

"Iwe, pita kukhitchini. Pa shelefu ya pamwamba pali chitini cha shuga. Pisa pansi."

Ndani akanaganiza kufufuza m'chitini cha shuga m'nyumba ya munthu woletsedwa shuga? Mpongozi anabwera ndi kiyi wachiwiri akunyezimira timiyala toyera. Anamupereka ndi manja awiri, foni n'kuilowetsa m'thumba.

"Ine amayi sindinaone kanthu."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Tsabola. "Nawenso sukundifuna m'nyumba mwako muja, ndipo ukuchita bwino. Tingaphane sabata isanathe."

Mpongozi anabisa nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Chikwatiwireni pakhomopo, aka kanali koyamba kuseka ndi apongozi ake.

Anaika mgolo pakati pa bwalo n'kuyamba kuuzungulira. Kumanzere, ha, Chule anali wina! Mutu unkamvera, kumbuyo kunkatsata, fumbi kobo. Mayiwo anachita kukuwa ndi chimwemwe. Koma atatembenuka kuti azungulire kumanja, komwe kona ya pathanki imapita, Chule anayambanso mwano wake uja, kukankha chowongoka, mpaka anatsala pang'ono kulowa m'maluwa. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatukwana mateyala, anatukwana mgolo.

"Achemwali," anatero mlongo wawo, ataima patali ndithu poopa ndodo, "apa musanamizire njinga. Pokhotera kumanja, phazi lakunja ndi liti?"

Mayiwo anatsitsa maso pa mwendo wakumanzere uja.

"Mlendo wanuyo simukumuponda. Mwangomuika pa chopondera ngati maluwa a patebulo. Komanso maso anu akuthamangira komwe mukuopa. Chule amapita komwe mwayang'ana, munandiphunzitsa ndinu."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawakwiyitsa. Mwendo umenewo ankadana nawo. M'mawa uliwonse ankauvala mokakamizika, poyenda ankatsamira ndodo ndi mwendo wamoyo, mlendo akungotsatira. Kumupatsa thupi lonse, pa kona, njinga ikuyenda, kunali ngati kupatsa munthu wosamudziwa mwana wako kuti akugwirire. Anali ndi mantha, ndipo mantha amenewo sanawauzepo aliyense.

"Wotchererani kachitsulo m'mphepete mwa chopondera kuti asatererere kunja," anatero potsiriza. "Kakang'ono. Mukamangaponso mpando ndikuwotchererani inuyo."

Masiku otsatira bwalo linasanduka mabwalo okhaokha a mateyala. Chitsa chinatupa, mpongozi ankachithowa ndi madzi ofunda, m'mawa mayi abwereranso pa mgolo. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumuponda mlendo, ndipo akamuponda zenizeni, Chule ankazungulira. Koma pa kona ya pathanki anali asanapiteko. Ankati apita Loweruka m'mamawa, mwana asanafike.

Mwanayo anafika Lachisanu masana. Wogula uja anali ndi zochita Loweruka, ndiye anabwera naye pa pikiapu, matabwa okwezera njinga ali kumbuyo. Analowa pageti n'kupeza amayi ake ali pa Chule pakati pa bwalo, helemeti kumutu, injini ikugunda, chimpando chake chija chili gada pafupi ndi shedi.

"Amayi! Amalume! Mwatani?" Anayang'ana mkazi wake, mkaziyo n'kuyamba kuyang'ana nkhuku. Mwanayo anaona mateyala, mawu n'kukwera. "Mpaka mateyala aphwa! Mukufuna kudzipha?"

"Zimene zinatsala pang'ono kundipha ndi mpando wako, bokosi lako ndi pampu yako," anatero mayiwo. "Unandimanga ngati mtolo, mwanawe. Chinthu ichi sachiyendetsa atamangidwa."

"Tsikani, amayi. Chonde." Anatambasula dzanja kuti azule kiyi. Mayiwo analimenya phaa, ngati momwe ankachitira akamaba nyama mumphika ali mwana.

"Bambo inu a pikiapu, pepani ndi mafuta anu, pano palibe chogulitsa. Iwe, mvera. Ino ndi nthawi yokama, ndikupita kukhola. Ndikagwa pa kona paja, undinyamule upite nane kuchipinda chako cha zogwirira, sindidzatsegula pakamwa. Ndikakhota, usadzandiuzenso za kutauni."

"Sindikuvomera!"

"Sindinakufunse."

Anakankha mafuta ndi chala, Chule n'kumuzungulira mwanayo bwinobwino kulowera kukamsewu. Mwanayo anathamanga chodutsa m'munda, nsapato za muofesi zikuterera, tayi ili kumsana. Mayiwo pofika pamwamba pa chitsetserekocho anamuona ataima kale pa kona, pomwe penipeni pamene mpanda unaphwasuka, manja atatambasula. Anagwira mabuleki.

"Choka pamenepo, chitsiru iwe!"

"Mukagwa mugwere ine!" anakuwa mwanayo. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, akulira poyera.

Mtima wa Mayi Tsabola unaphwanyika pamenepo, koma sanatsike.

"Pita kuseri kwa mzati wa simenti! Apo ayi ndikhala pompano mpaka ng'ombe ziphulike mabere, ndipo mlandu ukhala wako!"

Mwanayo anakanirira pang'ono, kenaka anadutsa pa waya n'kukaima kuseri kwa mzati. Koma manja sanabweze. Anawatulutsa uku ndi uku kwa mzatiwo, okonzeka kuwakha.

Mayiwo anasiya mabuleki. Chule anatsetsereka, zigubu zikulira ngwe ngwe ngwe. Kona isanafike anagwira mabuleki, liwiro linatsika, n'kuwasiya kuti mateyala akutsogolo atsale ndi ntchito imodzi yokha. Anasendera kutsogolo mpaka mimba kukhudza thanki ya mafuta. Anaweramira kumanja. Ndiye anamuponda mlendo, thupi lonse, ululu n'kuthamanga kuchokera pa chitsa mpaka m'chiuno. Mlendo anagwira.

Chinatsala ndi maso. Maso ankakokera kwa mwana. Chimubadwireni, maso amenewo anali pa iye, pokwawa, popita kusukulu, pa ukwati, ndipo tsopano anali apo kutsogolo kwawo, manja ali tambalale, akuwaitana. Akanamuyang'ana, Chule akanapita komweko. Mayi Tsabola analuma mano, anachotsa maso pa mwana wawo n'kuwaponya kumanja, kumunsi, pa denga la malata la khola.

Mateyala akutsogolo analuma dothi. Lakumbuyo lamkati linapala pang'ono, kafumbi n'kukwera, ndipo Chule anatembenuka mofatsa ngati kale, mpanda n'kudutsa kumanzere osaukhudza. Kumtunda mlongo wawo anakuwa, mpongozi analuluta, ngakhale wa pikiapu anaomba m'manja ngakhale malonda anali atamuthawa. Mayiwo sanacheuke. Misozi inali itadzaza m'helemeti, ndipo sanafune kuti wina aione.

Pakhola anazimitsa injini n'kutsika, mlendo ndi amene anayamba kuponda pansi. Ng'ombe zinawalandira ndi phokoso, kamwana kobadwa tsiku la ngozi kaja kakudzandira pambali pa make. Anagwira chingwe cha chigubu, koma chinawakanika kumasula.

Mwanayo anafika wapansi, buluku lili matope mpaka m'mawondo. Anamasula chingwecho, anatsitsa chigubu, kenaka anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kiyi uja n'kumuika pa chishalo. Ananyonyomala pafupi ndi teyala lakutsogolo n'kulidinikiza ndi chala. Chala chinalowa.

"Ndi ofewa, amayi," anatero motsitsa, maso ali pansi. "Ndikawaona chonchi ndimaopa."

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero mayiwo, dzanja lawo lili pamutu pake. "Uziopa, koma usawakhudze."

Mwanayo anachotsa dzanja pa teyala, ananyamula chigubu n'kuwatsatira m'khola.